Foni ikadzaza pokonza mavidiyo

Achemwali, mwati foni yanu ya 64 GB ikukana kutulutsa vidiyo ya kwaya mu CapCut, app yokonzera mavidiyo ija, chifukwa malo atha, ndipo Google nayo ikuti mwadzaza. Musathamangire kugula foni ina.

Chenjerani kaye ndi batani limodzi. Mukalowa ku Settings, Apps, CapCut, kenako Storage, mupeza Clear cache ndi Clear data. Dinani Clear cache yokha, yomwe imachotsa mafayilo osakhalitsa basi. Clear data imasesa ntchito zonse zomwe simunamalize ndipo sizibwereranso. Mavidiyo omwe munajambula poyamba aja musawafufutenso ntchito ikadali pakati, chifukwa CapCut imawawerenga pomwe ali mufonimo. Mukawachotsa mupeza zidutswa zasowa. Ntchito zakale zomwe munapereka kale kwa eni ake, zimenezo fufutani mosakayika.

Kenako pitani ku WhatsApp, mu Settings yake, pa Storage and data, Manage storage. Ikuonetsani mafayilo opitirira 5 MB ndi omwe atumizidwa kambirimbiri. Mudabwa ndi zomwe magulu a kutchalitchi ndi a kumudzi akhala akukuunjikirani. Zimitsaninso zoti mavidiyo azidzilowera okha.

Mukafufuta zinthu koma malo osawonjezekabe, musati foni yawonongeka. Zinthuzo zimayamba zakhala mu Trash: pa Google Photos zomwe zinakwezedwa zimakhalamo masiku 60, pa Gallery ya Samsung masiku 30. Lowani mukhuthule nokha.

Nkhani ya Google ndi iyi. Amapereka 15 GB yaulere, koma Gmail, Drive ndi Photos zimagawana yomweyo. Kuyambira June 2021 chilichonse chokwezedwa ku Photos chimadya malowa, ndipo kuchokera 2024 backup ya WhatsApp pa Android imawerengedwanso momwemo. Ndiye mu backup ya WhatsApp zimitsani Include videos, ndipo ku Photos letsani foda ya CapCut kuti isamakwezedwe, apo ayi vidiyo imodzi yomwe mwaitulutsa katatu poyesera ikhala kumeneko katatu. Dziwaninso kuti mukafufuta vidiyo muli mu Google Photos imachoka konsekonse, mufoni ndi pa intaneti pomwe. Ikoperani kaye kwina.

Kwina kwake, kwa ine, ndi flash. Kukweza mavidiyo osakonza pa intaneti n'kuotcha bundle, ndipo tsiku lomwe mudzawafune mudzalipiranso powatsitsa. Gulani kachingwe ka OTG, kolumikizira flash ku foni, kogwirizana ndi pobayira chaja pa foni yanu, pamodzi ndi flash kapena memory card. Ntchito ikatha, samutsirani zonse kumeneko, mutsegule muone kuti zikusewera, kenako mufufute mufoni. Ku Google kuzipita vidiyo yomalizidwa yokha. Koma ma flash otchipa kwambiri ena amanama, amalemba 128 GB pomwe amasunga zochepa, ndiye muidzaze kaye poiyesa musanaikemo ukwati wa munthu.

Onaninso momwe mukujambulira. Pa iPhone mphindi imodzi ya 4K (vidiyo yooneka bwino kwambiri) pa 30 fps (zithunzi 30 pa sekondi) imatenga pafupifupi 170 MB, pomwe ya 1080p, yotsikirako, imatenga 60 MB, ndipo pa Android kusiyana kumakhalanso kwakukulu. Ngati vidiyo ya kwayayo ikukathera pa WhatsApp ndi Facebook, omwe amaifinya ndithu, jambulani ndi kutulutsa pa 1080p basi.