Wosauka, mmphawi ndi mpondamatiki m'ndakatulo

Funso: Ndili Fomu 4. Aphunzitsi atiuza kuti tizukute ndakatulo ina poona kusiyana kwa olemera ndi osauka. Woyankhula ndi mlimi wa fodya pa esiteti, ndipo akudandaulira mwini munda za thangata. Koma mawu oti wolemera kapena wosauka mulibemo ngakhale kamodzi. Ndiyambire pati? Nanga wosauka ndi mmphawi ndi munthu mmodzi? (Wophunzira, Kasungu)

Yankho: Ameneyo ndiye mlakatuli. Wongolemba kuti "ine ndine wosauka" akulemba kalata yopempha thandizo. Chichewa chimaonetsa wapamwamba ndi wapansi m'timawu tating'ono, ndipo kuzukuta kwanu kuyambire pamenepo.

Onani amene akutchulidwa inu ndi amene akubwezeredwa iwe. Mkulu waimvi akamati "inu bwana" kwa mnyamata wosamera ndevu, mnyamatayo n'kumati "iwe, tanyamula", ndiye kuti ndalama yagonjetsa msinkhu, zomwe mwambo wathu sulola. Kenaka sakani aphatikiri ka ndi chi. Wantchito amakhala ndi kanyumba, kamunda ndi timakobiri, pamene mwini esiteti ali ndi chinyumba chozingidwa ndi chimpanda. Musafulumire komabe: ka amathanso kuonetsa chikondi, ndipo chi nthawi zambiri amanyoza mobisa. Aneni nawonso amaulula. Amene akulembedwa, kudulidwa malipiro ndi kuthamangitsidwa si amene wagwira cholembera.

Tsono thangata. Mawu amenewa ndimawakonda ndiponso amandiwawa. Kuthangata n'kuthandiza, basi. Kale anthu ankathangatana kulima, akatha n'kukhala pansi kumwa thobwa kapena mowa. Azungu a minda ku Chiradzulu, Zomba, Thyolo ndi Mulanje anawatenga mawuwa n'kuwapatsa ntchito ina: munthu azigwira ntchito kwa mwini malo polipirira pamene wamanga nyumba. Nkhanza za thangata ku Magomero, pa minda ya A. L. Bruce, ndi chimodzi mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu Januwale 1915, ndipo mchitidwewu unathetsedwa mu 1962. Choncho mlimi wa fodya wa masiku ano akati thangata, akuuza bwana wake kuti utenanti ndi ukapolo wakale uja, wangosintha dzina ndi khungu la mwini munda. Mfundo imeneyi ilembeni, ndi mtima wa ndakatuloyo.

Wosauka ndi mmphawi ndi anthu awiri, ngakhale mabuku ena amawaphatikiza mwaulesi. Kusauka ndi m'bale wake wa kusautsa ndi masautso. Wosauka ndi amene akuzunzika, ndipo munthu amatha kusauka mumtima ng'ombe zili zodzaza m'khola. Umphawi ndi wozama. Agogo anga akati "uja ndi mmphawi" ankanena munthu wopanda womuimira pamlandu, wopanda womukumbira manda. Kusowa chovala kunkabwera pambuyo. Ine ndimaumirira kuti tanthauzo lenileni ndi limenelo, wina atsutse ngati afuna. Tenanti amene anachoka ku Mulanje kukalima fodya kwanu ku Kasungu, kusiya mbumba yake yonse, ndi mmphawi ngakhale atalipidwa bwino chaka chimenecho. Fufuzani ngati woyankhulayo akutchulako kwawo.

Chimene chimandinyansa ndi mawu a m'maofesi amene alowa m'ndakatulo za achinyamata. Aliyense lero ndi "wovutikitsitsa", ngati akudzaza fomu yolandirira chimanga. Kwa olemera nakonso tataya chuma. Tinali ndi khumutcha, tinali ndi mpondamatiki, munthu amene ndalama zamuchulukira mpaka kuyenda akuziponda. Tiki inali kandalama ka mapeni atatu, kwacha isanabwere mu 1971, ndipo mawuwa ali ndi kaseko mkati mwake: akumutama wolemerayo uku akumujeda. Lero zonsezo zamezedwa ndi bosi ndi bigi.

Sindikuti mawu obwereka ngoletsedwa. Bwana weniweniyo tinamutenga ku Chiswahili, dona ku Chipwitikizi, ndipo ganyu ndimakhulupirira kuti anachokera komweko kwa Apwitikizi. Mwaona kodi kuti mayina a olamula ambiri ndi achilendo? Mlakatuli akaika bosi m'kamwa mwa woitanira minibasi ku Limbe, ndimamukhululukira, chifukwa umo ndi momwe wanjala amanyengerera wokhuta. Koma akaika bosi m'kamwa mwa nkhalamba ya kumudzi chifukwa choti iye mwini mawu ena sakuwadziwa, ameneyo abwerere ku Fomu 1.