Injini ya Lister ya pachigayo cha agogo: inachokera kuti, ndipo ingadzukenso?

Funso: Amisiri, agogo anatisiyira chigayo chomwe chinaima kalekale. Injini yake ndi yobiriwira, ya silinda imodzi, ili ndi mawilo awiri akuluakulu, ndipo pachitsulo palembedwa R. A. Lister & Co, Dursley, England, komanso 6/1. Ogula zitsulo zakutha akuifuna. Kodi kampaniyi ndi yotani, nanga injiniyi ndi yoti n'kutayirapo ndalama?

Yankho: Achimwene, a sikirapuwo auzeni ayambe adikira. Ndikufotokozereni kaye kumene injiniyo inachokera, chifukwa mbiri yake ndi yomwe ikuuzeni chochita.

Dursley ndi katauni kakang'ono ka ku Gloucestershire, ku England. Mu 1867 Robert Ashton Lister, ali ndi zaka 22 zokha, anatsegula kumeneko kamalo kopangira ndi kukonzera zida zaulimi. Za injini kunalibe poyamba. Makasitomala ake anali alimi a ng'ombe ndi nkhosa, choncho ankawapangira migolo yopukusira batala, makina olekanitsa mafuta ndi mkaka, kenako makina ometera nkhosa ubweya. Makina a mkaka aja, otchedwa Alexandra, ndi amene anatukula kampaniyo, ndipo luso lake linabwera ndi Mikael Pedersen wa ku Denmark, yemwe anasamukira ku Dursley komweko.

Mfundo imeneyi ndimaikonda kwambiri. Anthu amenewa anazolowera kupangira mlimi wokhala kutali ndi makaniko, munthu woti chinthu chikaima achimasule yekha pansi pa mtengo. Atayamba injini za petulo mu 1909, nzeru yake inali yomweyo. Kainjini kawo ka Lister D kanapangidwa kuyambira 1926 mpaka 1964. Injini ya dizilo yoyamba yopangidwa ndi nzeru zawozawo inatuluka mu 1929, chaka chomwe mwini kampani anamwalira, zidzukulu zake n'kupitiriza ntchito. Mu 1930 kunabwera 5/1, kholo la yanuyo. Manambalawo si ovuta: 6/1 ndiye kuti mahosipawa 6, silinda imodzi.

Banja la injinizi limatchedwa CS, kutanthauza kuti imalira ili yozizira. Lero zimenezo sizidabwitsa, koma injini zambiri za mafuta za nthawi imeneyo zinkafuna kuti uyambe wawotcha mutu wake ndi moto zisanalire. A Lister anaika kavalavu kopotokola ndi dzanja pambali pa mutu wa silinda. Mukakamanga, malo opsera mafuta amachepa, mpweya umapanikizika kwambiri n'kutentha mokwanira kuyatsa dizilo. Injini ikatentha ndipo yasenza ntchito yolemera, mumakamasula. Yang'anani pa yanuyo, mukapeza kagudumu kake.

Chinsinsi cha moyo wake wautali ndi liwiro. Injini ya 6/1 imazungulira maulendo 650 okha pa mphindi, pamene majenereta ang'onoang'ono a m'misikamu amathamanga maulendo 3000. Pisitoni yoyenda modekha choncho, m'chitsulo chochindikala, yoziziritsidwa ndi mgolo wa madzi wopanda n'pampu yomwe, imatha pang'onopang'ono kwambiri. N'chifukwa chake injinizi zinafalikira m'zigayo, m'mapampu a madzi ndi m'majenereta a kumamishoni ndi kumaesiteti kuno kwathu, ndipo ku England anazipanga mpaka 1987.

Kampaniyo inasintha manja. Mu 1965 inagulidwa ndi Hawker Siddeley, mu 1986 n'kuphatikizidwa ndi kampani ina ya injini yotchedwa Petter kukhala Lister Petter, ndipo mu 2014 inachoka ku Dursley. Koma CS sinafe nayo. Mafakitale a ku India, makamaka mumzinda wa Rajkot, anatengera kapangidwe kake ndipo akupangabe, moti maring'i, mavalavu, magasiketi ndi mabeyaring'i amapezeka. Musanagule, yezani chakale ndi chatsopano, chifukwa si zonse za ku India zimene zimalowa ndendende.

Tsopano ku injini yanu. Choyamba zungulirani thupi lake ndi mutu, mufufuze ming'alu, makamaka pamawilo aja. Wilo long'aluka musalilize n'komwe, likhoza kuphulika n'kupha munthu. Kenako yesani kupukusa ndi handulo. Ikakana, musaikakamize ndi chitsulo chachitali. Chotsani injekita (kachipangizo kofayira dizilo m'silinda), thirani dizilo wosakaniza ndi oilo pang'ono m'silinda, muisiye sabata, muzingoigwedeza pang'ono tsiku lililonse. Zambiri zimamasuka motero. Tsegulani chitseko cha pamimba pake, mukokolole matope a oilo wakale, mutsuke, muthire watsopano. Thanki, mapaipi ndi fyuluta zitsukidwe, mpweya uchotsedwe m'njira ya dizilo. Mukakweza kachitsulo kotsegula valavu ya utsi n'kupukusa, tcherani khutu: injekita yamoyo imalira kuti "tswii" pa maulendo awiri alionse. Mukamva zimenezo, onjezani liwiro, gwetsani kachitsulo kaja, muone utsi.

Chenjezo limene ndimapereka kwa aliyense ndi la masipanala. Manati a Lister yeniyeni ndi a muyezo wakale wa ku Britain wotchedwa Whitworth. Sipanala ya mamilimita imaoneka ngati yalowa, koma imadya makona a nati. Ndinalandirapo injini ina itaonongeka chonchi, manati a pamutu onse atasanduka ozungulira, ndipo kuwachotsa kunanditengera masiku awiri. Funsani amakaniko achikulire, ambiri anasunga masipanala amenewa.

Funso lachiwiri, lochokera kwa munthu yemweyo: Ikalira, ndingamange gavanala (kachipangizo kolamulira liwiro la injini) kuti izithamanga kwambiri, chigayo chizigaya msanga?

Ayi, achimwene, chonde musatero. Mawilo a sipoko a 6/1 anapangidwira liwiro la 650 lomwelo. A Lister atafuna mphamvu yoonjezera anapanga 8/1 ya maulendo 850, n'kuipatsa mawilo a mtundu wina ndi pisitoni yopepuka. Ngati chigayo chikufuna liwiro, sinthani kukula kwa pule yomwe lamba amadutsapo, ndipo kumbukirani kuti mahosipawa 6 amakoka kachigayo kakang'ono basi. Mukaona utsi wakuda ukutuluka osaleka, chepetsani chimanga chomwe mukuthira, kapena ikani sefa ya mabowo okulirapo.