Ziwazeni msanga nkhunizo, ndipo musazikulunge m'pulasitiki

Achimwene, mwati munagwetsa mitengo iwiri mwezi watha, zipika zake zikadali pansi, ndipo mukufunsa ngati zikhale zitauma pofika nyengo yozizira, miyezi itatu ikubwerayi. Za mbaula yoti mugule ayankhe ena, ine ndiyankha za nkhunizo.

Kunena mosabisa, miyezi itatu ndi yochepa. Mtengo wongogwetsedwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Kuti nkhuni iyake bwino m'nyumba, chinyontho chake chimafunika kutsika mpaka 20 peresenti kapena kucheperapo. Mitengo yofewa ngati paini imafuna miyezi 6 kapena kuposerapo, yolimba imatenga chaka, ina mpaka zaka 2. Komanso masikuwo musayambe kuwerenga pa tsiku logwetsa mtengo. Yambani tsiku lomwe mwawaza. Makungwa ntchito yake ndi kutsekera madzi m'kati, ndiye chipika chathunthu chikagona pa dothi chimayamba kuwola kunsi pomwe pamtima pake pakadali paliwisi.

Choncho dulani sabata ino. Yezani kaye malo oyakira moto, zidutswa zikhale zofupikirapo ndi masentimita ngati 5. Kwa ambiri masentimita 30 mpaka 40 amakwana. Kufupika kumathandizanso kuuma, chifukwa madzi amathawira kwambiri kumapeto kodulidwako. Mukatero wazani, chikuni chilichonse chisanenepe kuposa masentimita 10 mpaka 15. Ngati ndi bulugamu musachedwe n'komwe, amang'ambika bwino akadali wamuwisi, akauma nkhwangwa imangodumpha. Wazirani pa chitsa chachifupi, miyendo motalikirana, mpini mutauona kuti sukugwedera, ana ali kutali. Chipika cha mfundo zambiri musalimbane nacho pakati, chisengeni m'mbali.

Pa kasanjidwe ndi pamene anthu ambiri amataya nkhuni zawo. Amene akuuzani kuti mukulunge mulu wonse ndi pulasitiki mpaka pansi akusokeretsani, ngakhale cholinga chawo n'chabwino. Nkhuni zimaumitsidwa ndi mphepo. Mukazitsekera, madzi otuluka m'mitengomo amakachita thukuta pa pulasitiki n'kudontheranso pa nkhuni zomwezo. Mukadzavundukula mudzapeza zachita chuku, zakuda, zikununkha chinyontho, ndipo zapansi zikufumbutuka m'manja. Phimbani pamwamba pokha. Lata lakale ndi labwino koposa, lopendekeka pang'ono kuti madzi azitsetsereka, lotuluka m'mbali pang'ono, mutalitsindira ndi miyala. M'mbali monse musiye pululu.

Pansi yalani mitengo iwiri yaitali pa njerwa kapena miyala, kuti nkhuni zikwere masentimita 10 mpaka 15 kuchoka pa dothi. Sanjani mzere umodzi, malo owomba dzuwa, mbali zodulidwazo zitaloza kochokera mphepo. Mizere ikakhala iwiri, pakati pake pakhale mpata woti munthu n'kudutsa. Musapanikize. Timipata tija mumationa ngati kuwononga malo ndi momwe mumadutsa mpweya. Kumapeto kwa mzere sanjani mopingasa, ziwiri uku ziwiri uko, kuti mulu uime wokha, ndipo usapitirire mita imodzi ndi masentimita 20. Nkhuni zikamauma zimanyala, mulu n'kuyamba kupendama, ndiye wautali ungagwere mwana. Za mzere wapamwamba makungwa aloze kumwamba.

Musatsamiritse mulu ku khoma la nyumba. Mukuitana chiswe, makoswe ndi njoka, khomalonso limanyowa. Usiyeni mamita angapo, m'nyumba muzilowetsa za tsiku limodzi kapena awiri basi.

Kudziwa kuti zauma sikovuta. Chikuni chimapepuka, kumapeto kumachita ming'alu yochokera pakati, makungwa amayamba kusupuka okha. Menyanitsani ziwiri: zouma zimalira kuti ngwee, zaziwisi zimangoti phu. Ngati muli ndi kachipangizo koyezera chinyontho, wazaninso chikuni chimodzi muyeze pamalo pongong'ambidwapo. Mukayeza kunja kakunamizani, poti kunja kumauma msanga. Pamoto, nkhuni yaiwisi imalira kuti tsii, n'kumatulutsa thovu kumapeto.

Ndikuchondererani, musanene kuti ziumira pamoto pomwepo. Moto umathera mphamvu kuphwetsa madzi aja, chipinda sichifunda, utsi uli tolo. Utsi wozizirawo umakamatira m'chumuni n'kusanduka phula lakuda lonata. Phulalo likachuluka limagwira moto m'kati mwa chumuni momwemo, ndipo moto wotere umatha kulowa kudenga anthu ali m'tulo. Chumuni muzichipala mwaye kamodzi pa chaka kuzizira kusanayambe. Moto wonyeka mofooka m'chipinda chotseka umatulutsanso mpweya wakupha wopanda fungo kapena mtundu. Mutu ukayamba kuwawa, chizungulire, nseru, tulukani nonse msanga, mutsegule zitseko. Mbaula yopanda chumuni musagone nayo m'chipinda, ngakhale kuzizire bwanji.

Ndiye za chaka chino chitani chonchi: nthambi zing'onozing'ono ndi zowaza mopyapyala zisanjeni pazokha, zimenezo zikhoza kufikapo ngati kuli dzuwa ndi mphepo. Zikuluzikulu muziwerengere chaka chamawa. Zoperewera mugule zouma kale, koma osagula poyeza kulemera, chifukwa mulipira madzi. Uzani wogulitsayo awaze chimodzi inu mukuona, mugwire m'katimo ndi dzanja. Mukamva kuzizira ndi kunyowa, zisiyeni, ngakhale atsitse mtengo.

Matabwa opaka penti, mapolo othiridwa mankhwala a chiswe ndi zidutswa za mipando yomata ndi guluu musaponye pamoto ngakhale zili zouma gwa. Utsi wake ndi poizoni, ndipo phulusa la mapolo amankhwalawo lisapite kumunda.