Akhoma zikhomo m'munda wa amayi: kodi alandira chipukuta misozi?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti kumudzi kwabwera anthu oyeza malo, akhoma zikhomo m'munda wa amayi ake, ndipo zikumveka kuti padzadutsa nthambo zikuluzikulu za magetsi. Nkhawa yake ndi yakuti malowo ndi a makolo, alibe chikalata chilichonse. Kodi amayi alandirapo kanthu?

Achimwene, akuyenera kulandira, ndipo ndi ufulu wawo. Gawo 44 la malamulo oyendetsera dziko lino limalola boma kutenga malo a munthu pokhapokha ngati ntchitoyo ndi yopindulira anthu onse, mwini malo wadziwitsidwa nthawi yabwino komanso wapatsidwa chipukuta misozi choyenera. Limapatsanso mwini malo mwayi wokadandaula kukhoti. Malo a makolo nawonso ndi malo. Amfumu ndi oyandikana nawo munda ndiwo mboni.

Pa mizere ikuluikulu ya magetsi ngati wa Phombeya ku Balaka kupita ku Nkhoma, kapena wochokera ku Matambo ku Mozambique kudutsa Mwanza ndi Neno mpaka ku Phombeya, pamene pamaima chitsulo chonyamula nthambo pamapita mpaka kalekale. Pansi pa nthambo anthu amaloledwa kulima chimanga kapena mtedza, koma nyumba ndi mitengo italiitali zimachotsedwa.

Tsono chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: nkhani yonse imathera pa tsiku lowerenga katundu. Chimene sichinalembedwe tsikulo, kudzachipempha pambuyo pake n'kovuta zedi. Amayi asakaime okha. Tumani mlongo wanu kapena amalume, atenge kope ndi foni yojambula. Ayende nawo owerengawo mtengo ndi mtengo: mango angati obereka, angati ang'onoang'ono, nthochi, nsungwi, nkhokwe, khola la mbuzi, chimbudzi, chitsime. Mtengo wa mango umene wakhala ukugulira ana makope chaka ndi chaka usalembedwe ngati nkhuni. Ngati pali manda, anenedwe pomwepo. Ndipo chala asadinde pa fomu imene sanawerengeredwe m'Chichewa. Fomuyo aijambule asanaibweze.

Yang'aninso dzina lolembedwa pa fomupo. Kwathu kuno, kumene munda umayenda mbali ya kuchikazi, zimandiwawa kuona mkamwini kapena mwinimbumba akulembetsa dzina lake chifukwa choti ndiye anapezeka pakhomo, kenako ndalama n'kuthera m'thumba mwake. Munda ndi wa amayi, dzina likhale lawo, ndi akaunti ya kubanki yawoyawo.

Afunsenso tsiku lolipira. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Amene anawerengeredwa katundu isanagwe n'kulandira itagwa anapeza kuti ndalamayo siikwaniranso malata ndi simenti. Malipiro akachedwa kwambiri, apemphe kuti mitengo yake iwunikidwenso, ndipo asagwetse nyumba ndalama isanafike m'manja.

Akaona kuti apunjidwa, ayambire ku komiti yomva madandaulo ya ntchitoyo, kenako ku ofesi ya DC. Dandaulo likhale lolemba, asungeko pepala lina lodindidwa. Zikakanika pamenepo, pali ofesi ya Ombudsman, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza amene sangakwanitse kulipira loya. Imbani foni kumudzi lero, mufunse ngati kuwerengako kwachitika kale.