Kwa achemwali amene akubwera kudzaphunzitsa ku England

Achemwali, mwafunsa zinthu ziwiri: kuti ana a sekondale a ku England mudzawagwira bwanji poti mwamva kuti ndi amwano, komanso kuti mudzakhala nawo bwanji anthu akuno. Mwati mwaphunzitsa masamu ku CDSS kwa zaka zambiri ndipo ntchito mukuyamba mu September. Ine ndimaphunzitsa kuno chigawo cha Midlands, ndiye ndiyankheko, koma nditalikitsa za kusukulu chifukwa n'kumene anthu athu ambiri amapunthwa.

Kwathu ulemu umabwera ndi udindo. Mukangolowa m'kalasi ana amadzuka okha, kupereka moni, ndipo ngakhale atakhala 90 mumaphunzitsa ndi choko chimodzi popanda wokuyankhani. Kuno kalasi imakhala ya ana pafupifupi 30, koma ulemu umenewo simudzaupeza ukukudikirani pakhomo. Ana a Year 8 ndi Year 9, azaka 12 mpaka 14, amayesa mphunzitsi aliyense watsopano. Adzatsanzira kalankhulidwe kanu, adzanamizira kuti sakukumvani, ndipo mukauza wina kuti asinthe mpando adzakufunsani chifukwa chake. Mwana akamakuyang'anani m'maso pamene mukumudzudzula si chipongwe, ndi mmene anakulira. Kukalipa ndiye kumaipitsa zinthu, chifukwa mukangokweza mawu amadziwa kuti akupezani pofewa, mawa abwerezanso.

Chimene chimagwira ntchito ndi behaviour policy ya sukulu yanu. Ipempheni musanakwere n'komwe ndege, muiloweze ngati mmene tinkalowezera ma times table ku pulayimale. Imanena kuti chenjezo loyamba likhale lotani, lachiwiri lotani, detention (chilango chotsalira m'kalasi anzake akapita kokapuma kapena akaweruka) iperekedwe liti, ndipo ndi liti pamene mungaitane wamkulu kuti adzamutulutse mwana m'kalasi. Mukatero muzichita zomwezo tsiku ndi tsiku, kwa mwana aliyense mofanana, ndi mawu otsika, ndipo muzilemba mu kompyuta tsiku lomwelo. Ana akuno amamvera mphunzitsi amene akuti akanena detention ndiye kuti ichitikadi, ndipo saipereka chifukwa chopsa mtima. Belu likalira imani pakhomo, mwana aliyense mum'patse moni pomutchula dzina, ntchito yoyamba ikhale italembedwa kale pa bolodi, ndipo pokhala muziwasankhira ndinu. Lachisanu imbirani kholo limodzi kapena awiri kuwauza zabwino zimene mwana wachita. Makolo ena sanalandirepo foni yotero kuchokera kusukulu, ndipo Lolemba mudzaona mwanayo atasintha.

Za chikwapu, kugwaditsa, kukolopetsa kapena kukumbitsa dzenje, izo iwalani kotheratu. Kumenya ana m'sukulu za boma kunaletsedwa ndi lamulo la 1986, ndipo lero ngakhale kumukoka mwana jakete kuti akhale pansi kukhoza kukuimitsani ntchito.

Koma chimene ndimaopera aphunzitsi ochokera kwathu si nkhanza ayi, ndi chifundo chathu. Ife tinazolowera kuti mwana wa sukulu ndi mwana wathu: kumusisita pamutu akakhoza, kumupatsa lifiti mvula ikamagwa, kumugulira nsapato, kumuitanira kunyumba Loweruka kuti timuthandize algebra. Kuno zonsezo zimaonedwa ndi diso la safeguarding, ndiye kuti malamulo oteteza ana ku nkhanza. Musanayambe ntchito adzakufufuzani kudzera ku DBS, ofesi yoona ngati munthu ali ndi mbiri ya milandu, adzafunanso chikalata cha polisi ya kwathu, choncho chitengeni mukadali ku Malawi. Adzakupatsani buku la Keeping Children Safe in Education kuti muwerenge gawo loyamba ndi kusainira. Musangosaina, werengani. Musatsale nokha ndi mwana m'chipinda chitseko chili chotseka. Musam'patse nambala yanu ya foni, musamulandire pa Facebook kapena Instagram, musamujambule ndi foni yanu. Mwana akadzakuuzani kuti kunyumba akumuzunza, musalonjeze kuti musunga chinsinsi, musayambe kumufunsa mafunso ngati wapolisi, ndipo musapite kukakambirana ndi makolo monga timachitira kwathu. Lembani mawu ake momwe wawanenera, mupereke tsiku lomwelo kwa DSL, mphunzitsi amene anasankhidwa kuyang'anira zoteteza ana. Poyamba zimaoneka ngati kuuma mtima, ndipo kunena zoona pali zina zimene ndimaona kuti anapyola nazo muyeso. Komabe malamulowa anadza chifukwa ana anazunzidwapo ndi akuluakulu amene aliyense ankawakhulupirira, ndipo amatetezanso inuyo tsiku limene wina adzakunamizirani.

Pafupi ndi nkhani imeneyi pali ya chipembedzo. Ngati munkatsogolera SCOM kusukulu kwanu, dziwani kuti m'kalasi yakuno simungalalikire kapena kupempherera mwana. Mudzakhala ndi ana achisilamu, achihindu, achisikh, ena osapembedza, ena oleredwa ndi amayi awiri okwatirana. Lamulo la Equality Act 2010 limateteza onsewo, ndipo maganizo anu pa nkhanizi muziwasiya pageti.

Mudzapezanso ana ambiri olembedwa kuti ali ndi SEND, ndiye kuti ulumali kapena vuto lofuna thandizo lapadera pophunzira, monga autism, ADHD kapena dyslexia, ena okhala ndi chikalata cha EHCP chonena thandizo limene ayenera kulandira. Mwana amene kwathu tikanamutcha waulesi, kuno muyenera kuonetsa kuti phunziro munalikonza moti nayenso atsatire. Ngati m'kalasi muli teaching assistant, wothandizira mphunzitsi, m'lemekezeni kwambiri. Malipiro ake ndi ochepa koma anawo amawadziwa kuposa inu, amadziwa amene sangakhalire limodzi, ndipo akakukondani chaka chanu chapepuka.

Masamu enieniwo sadzakuvutani. Zimene mwaphunzitsa za MSCE n'zokwanira pa GCSE, imene amalemba mu May ndi June kumapeto kwa Year 11, magiredi ake kuyambira 9 kutsika mpaka 1, ndipo 4 ndiye pokhozera. Onani kuti n'zotembenuza: kwathu 1 ndiye pamwamba. Chotopetsa ndi kuchonga, kulowetsa malikisi mu kompyuta, maimelo a makolo, ndi akuluakulu olowa m'kalasi kudzaonerera, makamaka mphekesera za Ofsted, oyendera sukulu a boma, zikamveka. Muli ndi ufulu wa PPA, nthawi yokonzekera yosachepera 10 peresenti ya maola anu ophunzitsa, musalole kuti izingodyedwa. Ngati mulibe QTS, chiphaso cha uphunzitsi chakuno, lamulo limalola mphunzitsi wophunzira kunja kuphunzitsa zaka 4 popanda iyo, koma nthawi zambiri amalipidwa pa sikelo yotsika, ndiye funsani ahedi msanga ngati angakuthandizeni njira ya assessment only, yopezera QTS pongoyesedwa pa ntchito yanu osabwereranso kukoleji. Ndipo sabata yoyamba yomweyo lowani bungwe loimira aphunzitsi, NEU kapena NASUWT. Bungwe nthawi zambiri silithandiza pa mlandu umene unayamba musanalowe.

Tsono za anthu. Angerezi sakonda kunena chinthu mwachindunji. Bwana wanu akanena mofatsa, akumwetulira, kuti mwina mungaganizireko zosintha kachongedwe kanu, limenelo ndi lamulo, ndipo adzabwera kudzaona ngati mwasintha. Anthu athu ena amamva ngati angopatsidwa maganizo, n'kudzadabwa kalata itabwera. Ahedi amaitanidwa ndi dzina lawo loyamba mu staffroom, ndipo mukamawagwadira kapena kuwalandira zinthu ndi manja awiri amasowa mtendere. Moni wawo ndi wachidule, munthu amafunsa akuyenda, sayembekezera kuti mufotokoze za kunyumba. Musamuuze mnzanu kuti wanenepa, ngakhale mukutanthauza kuti akuoneka bwino. Musafunse malipiro, zaka, kapena chifukwa chimene sanaberekebe. Nyengo, mpira, tchuthi ndi agalu awo, pamenepo chezani mpaka belu.

Mu staffroom aliyense ali ndi kapu yake, ndipo anthu amakwiya chamumtima wina akaigwiritsa ntchito, choncho bwerani ndi yanu. Mukamapanga tiyi funsani ngati pali wina akufuna. Tsiku lanu lobadwa keke mumabweretsa ndinu. Akakuitanirani ku pub Lachisanu pitani ngakhale simumwa, mukamwe juwisi, chifukwa n'kumene mudzamve zenizeni za pasukulupo. Kumeneko amagulirana mosinthana, ndiye nthawi yanu ikakwana musayang'ane kumbali.

Chimene chimatipweteka kwambiri ndi maliro. Mnzanu akaferedwa palibe kugona pa siwa, palibe kukhamukira kunyumba kwake. Anthu amasaina khadi, mwina kusonkha za maluwa, ndipo mwambo umachitika patapita milungu iwiri kapena itatu, kawirikawiri kwa achibale ndi anzake apamtima. Musaganize kuti alibe chisoni, amalira mobisa. Inunso uthenga wa maliro ukadzabwera kuchokera kumudzi, masiku amene adzakupatseni ndi ochepa, ndipo azakhali kapena amalume sawawerenga ngati mmene ife timawawerengera. Afotokozereni ahedi momveka kuti munthuyo ndi amene anakulerani. Kunyumba kwa munthu nakonso sitimangofika n'kuodira, mumapangana kaye tsiku ndi ola, ngakhale ndi woyandikana naye khomo.

Konzekeraninso mdima. Lamlungu lomaliza la October mawotchi amabwezedwa ndi ola limodzi, ndipo pofika December kumada cha m'ma 4 koloko masana. Mumapita kuntchito kuli mdima, kubwerako kuli mdima, ndipo teremu imeneyi ndi imene anthu ambiri amafuna kulongedza. A NHS, a zipatala za boma kuno, amalangiza kumwa vitamin D, ndipo kwa ife akhungu lakuda amati tiganizire zomwa chaka chonse. Lembetsani kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, mukangopeza nyumba, musadikire kudwala. Jakete yeniyeni mudzagule kuno, za ku kaunjika sizikwana. Ufa wa nsima umapezeka m'mashopu a anthu a ku Africa ndi a amwenye, koma usipa, chambiko ndi thelele louma funsani kaye malamulo a pabwalo la ndege musanazilongedze. Mukadziwa tauni imene mukakhale lembani pano, muli anthu m'gulu muno a ku Leicester, Nottingham ndi Manchester amene angakulozereni tchalitchi ndi nyumba ya lendi yabwino.