Kodi kuopa NATO kunapatsa Russia ufulu wolowa mu Ukraine?

Mmodzi mwa owerenga watilembera imelo kuti: "Anzanga kuntchito akuti Russia ikanatani, poti NATO inali itafika pakhomo pake. Kodi malamulo amalola kumenya mnzako chifukwa chomuopa?"

Salola, abale athu, ngakhale madandaulo a Russia sanangochokera m'mwamba. NATO, mgwirizano wa chitetezo wa mayiko a ku Ulaya ndi North America, inayamba mu 1949 ndi mayiko 12. Mu 1999 munalowa Poland, Hungary ndi Czech Republic, ndipo mu 2004 munalowanso mayiko 7, pakati pawo Estonia, Latvia ndi Lithuania, omwe kale anali mbali ya Soviet Union. Pomwe zinthu zinasokonekera kwenikweni ndi pamsonkhano wa ku Bucharest mu Epulo 2008. NATO inalemba kuti Ukraine ndi Georgia adzakhala mamembala, koma tsiku sanalitchule. Russia inapsa mtima, pomwe Ukraine inatsala pambalambanda, chifukwa Gawo 5 la pangano la NATO, lonena kuti kuukira mmodzi ndi kuukira onse, limateteza mamembala okhaokha.

Komabe kudandaula ndi chilolezo cha nkhondo n'zosiyana. Pangano la United Nations, Gawo 2 ndime 4, limaletsa kuopseza kapena kugwiritsa ntchito zida pofuna kulanda malo kapena ufulu wa dziko lina. Makomo otseguka ndi awiri okha: Security Council, nthambi yoona za chitetezo ya United Nations, ikavomereza, kapena dziko likamadziteteza motsatira Gawo 51. Gawoli limafuna kuti pakhale kuukiridwa ndi zida. Akatswiri ena amalolanso kumenya poyamba ngati mdani wayimiratu pamalire, chiwembu chili pafupi kuchitika, ndipo palibe njira ina. Ngakhale pamenepo, mphamvu yobwezera isapyole muyezo wa choopsacho, ndipo Security Council iuzidwe msanga. Pa 24 Febuluwale 2022, tsiku lomwe Russia inayamba nkhondoyi, Ukraine sinali membala wa NATO, ndipo sinaukire Russia. Mnzako akati chaka chamawa adzaweta galu wolusa, sungamugwetsere mpanda lero.

Yerekezani ndi zimene zinachitika kwa anansi athu. Mu Okutobala 1978 asilikali a Idi Amin wa ku Uganda anawoloka malire n'kulanda dera la Kagera ku Tanzania. Apa kuukira kunali koonekeratu, choncho Julius Nyerere anali ndi ufulu wonse wowathamangitsa. Mkangano unabuka pamene asilikali ake sanaime pamalire koma anapitirira mpaka kulanda Kampala pa 11 Epulo 1979. Pamsonkhano wa OAU, bungwe la mayiko a mu Africa panthawiyo, ku Monrovia chaka chomwecho, atsogoleri ena anadzudzula Nyerere, ngakhale nkhanza za Amin zinali zodziwika kwa aliyense. Ngati woyamba kumenyedwa anafunsidwa za muyezo, nanga womenya asanakhudzidwe?

Anzanuwo adzakuuzani kuti America inalonjeza kuti NATO sidzasunthira kum'mawa. James Baker, nduna yoona za kunja ya America panthawiyo, ananenadi mawu otere kwa mtsogoleri wa Soviet Union, Mikhail Gorbachev, mu 1990, pokambirana zogwirizanitsa Germany, koma sanalembedwe m'pangano lililonse. Chomwe chinasainidwa ndi chikalata cha ku Budapest mu Disembala 1994: Ukraine inavomera kutaya zida za nyukiliya zomwe inatsala nazo, ndipo Russia, America ndi Britain analonjeza kulemekeza malire ake. Akatchulanso Iraq ya 2003, musawatsutse. America nayo inalowa popanda chilolezo cha Security Council, ndipo Kofi Annan, mlembi wamkulu wa United Nations panthawiyo, ananena poyera kuti kunali kuphwanya pangano. Kungoti mlandu wa Washington sufafaniza wa Moscow.

Pa 2 Malichi 2022 mayiko 141, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, anavota kudzudzula Russia pamsonkhano waukulu wa United Nations. Otsutsa anali 5, ndipo 35 anangokhala chete, monga South Africa, Mozambique ndi Zimbabwe.

Ndipo ngati cholinga chinali kukankhira NATO kutali, zinatembenuka. Finland, yomwe ili ndi malire opitirira makilomita 1,300 ndi Russia, inalowa mu NATO mu Epulo 2023. Sweden inatsatira mu Malichi 2024, n'kufikitsa mamembala pa 32.