Kwa achemwali ofunsa za postdoc ya data science ku America

Zikomo achemwali pofunsa. Mwanena kuti mwamaliza PhD ya statistics ndipo mukufuna postdoc (ntchito ya kafukufuku ya anthu amene amaliza PhD) ku America pa data science (luso lofufuza pogwiritsa ntchito data yambiri pa kompyuta) yogwiritsidwa ntchito pa kafukufuku wa zachipatala, makamaka uja wotenga zimene zapezeka mu labotale n'kuzifikitsa kwa wodwala.

Musanalembe kalata iliyonse, yambani mwaona kumene ndalama za malowo zikuchokera. Maphunziro ambiri otere amalipiridwa ndi bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo la NIH kudzera mu thandizo lotchedwa T32, ndipo lamulo lake ndi lakuti wolandira akhale nzika ya dzikolo kapena akhale ndi green card. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi yokha, musatayepo nthawi. Funani malo amene pulofesa amalipira kuchokera ku ndalama za kafukufuku wake, monga za R01 (thandizo la NIH lopita kwa wofufuza), pakuti kumeneko unzika safunsa. Mukakhazikika mudzathanso kupikisana nawo pa K99/R00, thandizo la NIH lothandiza ma postdoc kuyamba kafukufuku wawo odziyimira paokha, lomwe limalola anthu akunja.

Posankha, ine sindingatengeke ndi kutchuka kwa yunivesite. Ndingafunse ngati ndidzakhale ndi alangizi awiri, wina wa masamu ndi makompyuta, wina dokotala amene amaonadi odwala, komanso kuti padzapita miyezi ingati ndisanaloledwe kugwira data ya chipatala chawo, chifukwa zaka ziwiri sizichedwa kutha munthu akungodikira chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa odwala. Dokotalayo ndi wofunika kwambiri. Manambala oimira matenda, otchedwa ICD-10, m'zipatala za ku America amalembedwa makamaka pofuna kulipiritsa inshuwalansi, choncho amene sadziwa zochitika mu wodi akhoza kupanga model (njira ya masamu yolosera zinthu kuchokera mu data) yooneka bwino koma yoyeza kalembedwe ka bilu m'malo mwa matenda enieniwo.

Pakadali pano phunzirani mozama SQL (chinenero cha kompyuta chotengera data m'nkhokwe zake), poti R (chinenero cha kompyuta cha statistics) mukuidziwa kale, ndipo pemphani chilolezo pa webusaiti ya data ya zachipatala ya PhysioNet chogwiritsa ntchito MIMIC-IV, yomwe ndi data ya odwala a chipatala cha Beth Israel Deaconess ku Boston yochotsedwa mayina. Chilolezocho ndi chaulere, bola mumalize kaphunziro kochepa ka malamulo a kafukufuku. Kafukufuku mmodzi wooneka bwino wochokera pamenepo, code yake ili pa webusaiti yosungirapo code ya GitHub, adzakuyankhulirani kuposa kalata yaitali.

Onaninso magulu amene ali mu DS-I Africa, ndondomeko ya data science ya zaumoyo ku Africa imene NIH inayambitsa mu 2021, popeza aphunzitsi ena a ku America amene mungawalembere agwirapo kale ntchito ndi ofufuza a ku Africa kudzera mmenemo.